Mbuzi Yodya Lachinayi Lokha

Kuseri kwa nyumba ya a Medson ku Chinsapo kunali dimba laling'ono, lothirira ndi madzi a pachitsime cha pakhomo pomwepo. Eni dimbalo anali akazi awo, Mayi Rozina. A Medson, chipumireni pa ntchito ya umesenjala, gawo lawo linali kutunga madzi ndi kunyamula kheni. Koma mpiru, repu, tchayinizi ndi bonongwe wa m'mphepete zinkadziwa dzanja la mayi. Mpanda wake unali wa mapesi akale, woti ngakhale nkhuku yaulesi inkangowerama pang'ono n'kulowa.

Chaka chimenecho, kuzizira kutangoyamba, m'dimbamo munayamba kulowa mbuzi. Inali mbuzi yosunga nthawi. Inkabwera Lachinayi lokha, masana, Mayi Rozina atavala bulauzi yawo yoyera n'kupita ku Chigwirizano. Pobwerako ankapeza masamba atachepa, tindowe titamwazika pakati pa mabedi, ndi mapazi a mbuzi panthaka yonyowa.

A Medson ankaidziwa bwino mbuziyo, pakuti anabereka okha. Dzina lake linali Eva.

Eva anali mwana wawo woyamba. Analowana ndi Phillip, mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto, popanda chinkhoswe, popanda kulengeza kutchalitchi. Mayi Rozina, amene ankaitanidwa kukalangiza ana a anzawo, manyazi ake analephera kuwameza. Ananena kamodzi kokha, mosakweza mawu, kuti Eva asapondenso pakhomo mpaka ankhoswe a mnyamatayo atabwera kudzakhala pamphasa, ndipo kuti ngakhale tsamba limodzi la m'dimba mwawo lisawoloke ngalande kupita kumeneko. Kuyambira tsikulo anasiya kuitana amuna awo kuti “bambo a Eva.” Ankangoti “abambo,” ngati akuimitsa wogulitsa makala pamsewu.

Ankhoswewo anali kumudzi ku Dedza. Anati abwera akakolola. Atakolola anati abwera akagulitsa. Uku Eva anali ataima, akukhala m'kachipinda ka lendi kutsidya kwa ngalande, njinga ya mwamuna wake ikugona kwa makaniko kuposa momwe inkayendera pamsewu. Kusikelo anamuuza kuti magazi ake ndi ochepa, azidya masamba osadumphitsa. A Medson anamva zimenezi atakumana naye pachigayo, ndipo anaona okha kuti m'maso mwa mwanayo munali mutayera.

Ndiye anakonza njira. Lachinayi lililonse, mayi akangokhota pakona ya golosale, iwo ankakhala pakhonde n'kumakonza wailesi yomwe sinali yowonongeka. Eva ankadzera kanjira ka m'mbali mwa ngalande, n'kulowa pakati pa mapesi kuseri kwa nthochi, n'kuthyola ndiwo zoti zimufikitse Lachinayi linalo. Sankayankhulana zambiri. Bambo ankafunsa ngati wadya, mwana ankati wadya, onse akudziwa kuti yankho ndi lomwelo ngakhale asanadye.

Eva akachoka, ntchito ya a Medson inkayamba. Ankawoloka kupita kwa a neba awo, Che Kasimu, telala wochokera ku Machinga, amene ankasokera pakhonde ndipo anali ndi mbuzi imodzi yaikazi yomwe ankaitcha Dona. Che Kasimu ankawapatsa tindowe ta Dona m'kapepala ka shuga, osasiya kupalasa makina. A Medson ankatimwaza m'dimba mosamala ngati akufesa mbewu, kenako n'kugwada, n'kudinda pansi ndi zala ziwiri kuti paoneke ziboda.

Chikumbumtima chinkawavuta, koma anachipezera pokhala. Ndi pakamwa sananamepo. Mayi akafunsa kuti masamba apita kuti, iwo ankangoloza pansi n'kunena kuti, “Taonani izi.” Pa pemphero la madzulo ankapempha Mulungu kuti awakhululukire zimene achita ndi manja awo, akutsindika pa manjapo, ndipo “ameni” wa Mayi Rozina ankatuluka wautali kuposa masiku ena.

Lolemba lina mayi anapita m'tauni osanena chokagula. Anabwera masana akutsogolera munthu wa wilibala, atanyamula mpukutu wa waya wa sefa, uja amatchingira makola a nkhuku, wautali wofika m'chifuwa. Anati augula ku Malangalanga, ndipo wogulitsa wawatsimikizira kuti mbuzi ikangouona imabwerera yokha. Anauimika pakhonde pafupi ndi wailesi ija.

“Abambo, mawa muyambe,” anatero, n'kulowa m'nyumba.

A Medson anakhala akuuyang'ana mpukutuwo mpaka dzuwa linapendeka. Wayayo ankanyezimira ngati akuwaseka.

M'mawa mwake ananena kuti waya sayima wopanda mitengo, ndipo bulugamu wabwino masiku ano ndi wosowa. Mayi anawatengera kuseri kwa bafa n'kuwaonetsa mitengo yowongoka, yosenda kale. A Medson anati mitengoyo iyenera kuyamba yapakidwa oili wakuda kuti chiswe chisadye. Mayi anatulutsa chigubu cha oili chomwe anapempha kugalaja. A Medson anati oiliyo amafuna masiku kuti alowerere, ndipo apa mayi anavomera. Motero Lachinayi limodzi linapulumuka.

Tsikulo a Medson anamuuza Eva za wayayo. Eva anayang'ana mpukutu uja, nayang'ana bambo ake, nati asavutike, iye azigula ndiwo kumsika. A Medson anangogwedeza mutu. Ankadziwa zimene zinali m'chikwama cha mwana wawo, ndipo ankadziwanso kuti dimba likatsekeka, mwanayo sadzamuonanso kupatula mwangozi pachigayo.

Oili atalowerera, msana wa a Medson unadwala. Mayi sanatsutse. Anawagoneka chafufumimba n'kuwapaka mankhwala ena a m'kabotolo, otentha ngati tsabola wa kambuzi, akupaka ndi mphamvu zonse za munthu wokonda mwamuna wake. Atamaliza ananena mofatsa kuti ngati msana sukulola, Loweruka aitana anyamata a kwaya, ntchitoyo aimaliza tsiku limodzi. A Medson, nkhope ili mu pilo, anaganiza za anyamata a kwaya aja, amphamvu, ofuna kuyamikiridwa, oti angakhome waya osasiya podutsa ngakhale buluzi. Pomwe kunkacha msana unali utachira.

Che Kasimu anavundikira makina awo n'kubwera kudzathandiza. Anayamba n'kudandaula. Anati dzina la Dona laipa dera lonse, amayi a pakiyosiki ya madzi akumutcha wakuba, ana akumugenda, chonsecho mbuziyo sinalaweko ngakhale tsamba limodzi la repu wa a neba.

“A Mesenjala, mlandu uwu mudzauyankha nokha kumwamba,” anatero akumanga chingwe pachikhomo. “Ine ndidzangoti ndinkapereka manyowa.”

Anazula mapesi akale, nakoka chingwe kuti mzere uwongoke, nakumba maenje ndi chitsulo. Mtengo uliwonse ankauimika, mmodzi n'kugwira, wina n'kuthira miyala ndi dothi, n'kutsindira mpaka utaleka kugwedera. Wayayo ndiye anawaonetsa zakuda. Akamutambasula uku, uko ankadzipindanso yekha n'kuwakanda m'mikono. Mapeto ake anapisa ndodo m'mabowo a wayayo, Che Kasimu n'kumakoka ndi thupi lonse, a Medson n'kumakhoma misomali theka n'kuipinda kuti igwire waya. M'munsi anakumba kangalande n'kukwirira mphepete mwake, kuti nkhuku kapena galu asafukule. Chitseko anachiika mbali ya kunyumba, moyang'anizana ndi zenera la kukhitchini, monga analamulira mayi.

Ntchito inali yabwino, ndipo a Medson zinawapweteka kuti inali yabwino.

Atafika kuseri kwa nthochi, anayang'anana. Pakati pa mitengo iwiri ya pamenepo sanakwirire waya, ndipo misomali anakhoma ya m'mwamba yokha. M'munsi anangokoleka pa msomali umodzi, moti munthu wodziwa akanatha kukoleza n'kutukula ngati nsalu ya pakhomo. Che Kasimu anati ayese. Anagwada, nakwawa, kofiya yawo n'kutsala ikulendewera pawaya. Atatulukira kunja anapukusa mutu, nati pachepa.

“Ine ndine telala. Diresi ya munthu woyembekezera timasiyako malo a miyezi yakutsogolo.”

Anazula msomali wina, nayesanso, kenako anaunjikapo masamba ouma a nthochi. Nthawi yomweyo Mayi Rozina anatulukira ndi tiyi ndi mbatata yophika. Kapu ya Che Kasimu anaithira shuga wambiri, monga ankadziwa kuti amakonda. Anayamikira mzere kuti wawongoka, nagwedeza mtengo umodzi, naona kuti uli gwa. Nthochi ija anaiyang'ana nthawi yotalikirapo kuposa momwe nthochi imafunikira kuyang'anidwa.

Ntchito inatha Lachitatu masana. A Medson anali akusamba m'manja pachitsime pomwe anamva mayi akuodira kwa a neba. Posakhalitsa anabwera akukoka Dona pachingwe, Che Kasimu ali pambuyo, tepi ili m'khosi, nkhope ngati ya munthu woitanidwa kupolisi. Mayi anati mpanda sungayamikiridwe usanayesedwe ndi mwini mlandu.

Anayenda nayo mbuziyo kuzungulira mpanda. Dona ananunkhiza waya, nayesa kupisa mlomo, nalephera. Mbali ya kumsewu analephera, mbali ya kubafa analephera. A Medson ankatsatira akupemphera chamumtima pemphero lomwe sankadziwa ngati n'loyenera kulipereka. Atafika panthochi, mayi anaima. Anakankha masamba ouma aja ndi phazi, nakoleza waya ndi chala chimodzi, nautukula.

“Apa mwina misomali inatha,” anatero.

A Medson anati inde, ikuoneka kuti inatha. Thumba la malaya awo linali likulemera ndi misomali.

Mayi anamasula chingwe. Dona anayang'ana mbuye wake, nayang'ana masamba obiriwira omwe ankamunamizira miyezi yonseyi, nalowa.

Amuna awiriwo anafuna kuthamangira kuchitseko, koma mayi anatambasula dzanja kuti aime. Dona anayambira pa bedi la tchayinizi la kumapeto. Analuma pamtima penipeni pa chomera choyamba, nakoka, chomera n'kuzuka ndi mizu yomwe. Anachitafuna theka, nachitaya, naponda china, naluma chachitatu cham'mbali. Kenako anakwera pabedi ndi miyendo yonse, natembenuka, nagwetsa kheni. M'kanthawi kochepa bedilo linali ngati padutsa ngolo. Pamenepo mayi anati basi, ndipo Che Kasimu analowa n'kuikoka mbuzi yawo, ikukana, tsamba likulendewera kukamwa.

Mayi Rozina analowa m'dimba, naitana amuna awo kuti abwere pafupi. Analoza bedi lophwasukalo.

“Mbuzi imadya chonchi, abambo.”

Kenako anawatengera pa bedi la mpiru, nawerama, napatula masamba kuti tsinde lioneke. Panali zipsera zosalala, zotsatana kuchokera pansi kukwera m'mwamba, mtima wa chomera uli bwinobwino.

“Ya Lachinayi ija imayambira masamba a m'munsi. Imadula ndi chikhadabo, siikoka. Mtima imasiya kuti mawa kuphukenso. Ikamaliza imakwirira pomwe yaponda.” Anaweramuka pang'onopang'ono atagwira bondo. “Ndinaiphunzitsa ndine, isanayambe n'sukulu yomwe.”

A Medson anayang'ana pansi. Che Kasimu anayamba kufufuza china chake m'khutu la Dona.

Mayi anawonjezera kuti mbuzi yomweyo inali ndi chizolowezi china chachilendo: inkalowa m'thumba la jekete la a Medson n'kusiyamo ndowe zokulunga m'pepala la shuga. Anati anazipeza pochapa kalekale, sabata yachiwiri yeniyeni, ndipo anazibwezera momwemo poganiza kuti mwina n'zofunika. Zinanso, ziboda zake zinali ndi zikhadabo za munthu, chimodzi chothyoka ngati cha a Medson chomwe chinapanidwa ndi chitseko.

Che Kasimu anatsokomola, nati amva ngati kasitomala akuodira kwawo. Mayi anati kulibe kasitomala, ayambe athandiza anzawo kutseka pomwe anasiya.

Anatseka. A Medson anatulutsa misomali m'thumba muja pamaso pa akazi awo, nakhoma umodziumodzi, naipinda. Anakumba, nakwirira waya, natsindira ndi chidendene. Hamala inkawalemera. Ankaganiza za mawa masana, Eva atafika panthochi n'kupeza pali gwa, n'kubwerera ndi jumbo yopanda kanthu. Anafuna kunena kanthu, za magazi, za sikelo, koma m'banja mwawo mawu otere sankatuluka msanga, ndipo pomwe ankawasonkhanitsa mayi anali atapita kale m'nyumba.

Anabwerako atanyamula kajumbo kakuda, nakaika pa chitsa cha nthochi. Munali mahinjesi awiri atsopano ndi kachitsulo kotsekera chitseko. Pepala lokulungira linali la sitolo yomweyo yomwe anagula waya.

“Munthu wa pakati asamakwawe pansi pa waya ngati galu,” anatero. “Dulani apa. Chitseko chikhale chachikulu, chotsegukira kunja. Kachitsuloko muike m'mwamba, poti mbuzi yeniyeni isafikire.”

A Medson anayang'ana mahinjesi, nayang'ana waya yemwe anali atangomaliza kukhoma ndi kukwirira. Anafunsa motsitsa mawu kuti nanga bwanji anawasiya akhome kaye.

“Kuti mudziwe kuti misomali inalipo,” anatero mayi.

Che Kasimu anaseka mpaka anakhala pansi, Dona n'kupezerapo mwayi wotafuna tepi. A Medson anafunsanso kuti za pakatizo anazimva kwa ndani. Mayi anati kusikelo kumapita anthu a maso, ndipo ku Chigwirizano sikuti amangoimba nyimbo zokha. Kenako nkhope yawo inabwerera mwakale. Anati za ankhoswe sanasinthe, ndipo wina asaganize kuti asintha. Pakhomo la kumaso mawu awo akadali omwe aja. Koma mdzukulu wawo sanalowane ndi munthu, ndipo sangamulange ndi njala asanabadwe n'komwe.

Chitsekocho anachipanga ndi matabwa a bedi lakale, nachikuta ndi waya wotsala. Chinatha dzuwa likulowa. A Medson anachitsegula n'kuchitseka kangapo, kumvetsera kulira kwa mahinjesi, mpaka mayi anawaitana kuti madzi osamba akuzizira. Pa pemphero la tsikulo sanatchule za manja. Anangothokoza, ndipo anathokoza motalika, mpaka kutchula Dona ndi dzina.

Lachinayi masana Mayi Rozina anavala bulauzi yawo yoyera, namanga duku, natenga buku la nyimbo. Pakhonde anaima, akukonza lamba wa chikwama chomwe chinalibe vuto.

“Bambo a Eva,” anatero, osawayang'ana, “mbuzi ija muiuze iyambe bonongwe. Ndiye amawonjezera magazi.”

A Medson anali ndi wailesi pamiyendo. Anayankha kuti amva, koma mawu anatuluka opyapyala, ndipo anayenera kuyankhanso kachiwiri.

Eva anafika nthawi yake. Anaima panthochi, akuyang'ana mpanda watsopano, kenako chitseko. Bambo ake anamuuza kuti akweze dzanja, kachitsulo kali m'mwamba. Analowa choimirira, nafunsa ndi maso. Iwo anangoti amayi ako, ndipo Eva anagwira pakamwa. Anafunsa za bedi lophwasuka lija, bambo n'kumuuza kuti kunabwera mbuzi, ulendo uno yeniyeni.

Anali atangowerama pa bonongwe pomwe chitseko cha mbali ya kunyumba chinalira. Mayi Rozina anali ataima pamenepo ndi zoyera zawo. Anauza amuna awo kuti anaiwala buku la nyimbo, ndiye abwerera. Bukulo linali m'khwapa mwawo. A Medson analiona, Eva analiona, ndipo panalibe amene analitchula.

Mayi anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumapazi otupa mpaka kumaso. Eva anafuna kugwada, koma mimba inamuchedwetsa, ndipo asanafike pansi mayi anali atalankhula kale.

“Ukuwerama bwanji chonchi ndi mimba imeneyo? Bambo a Eva, mpatseni mpando.”

A Medson anathamangira mpando ngati mnyamata. Mayi anawapatsira buku lija kuti agwire, napinda manja a bulauzi, nalanda jumbo m'manja mwa Eva. Anayamba kuthyola okha, kuyambira masamba a m'munsi, akudandaula kuti jumboyo ndi yaing'ono, kuti mwana wa masiku ano sadziwa kubwera ndi beseni, kuti bonongwe asamamuphike mpaka kufiira ngati mmene amachitira anthu ena. Eva ankangoti inde amayi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kwa a neba makina osokera anali atakhala chete kwa kanthawi. Kenako mutu wa Che Kasimu unatulukira pamwamba pa waya, kofiya itapendekeka, nafunsa mwaulemu ngati lero kukufunika katundu uja wa m'pepala la shuga.

Mayi Rozina sanaweramuke.

“Bweretsani ndowa yonse,” anatero. “Bedi lomwe anaphwasula Dona likufuna manyowa.”